Mwana wosakhazikika: kodi ndi ADHD? Zochita kunyumba, kusukulu ndi kuchipatala

Mwamutuma kumjigo ndi chigubu. Papita ola lathunthu, chigubu chili m'mbali mwa njira, mwini wake ali pamwamba pa mtengo wa mapeyala. Mukamufunsa chimene munamutuma, amakuyang'anani ngati akumva koyamba. Kusukulu nako nkhani ndi yomweyo: kope la masamu linasowa sabata yatha, pensulo sifika Lachitatu, aphunzitsi asanamalize funso iye wayankha kale, kuyankhanso zina. Maina analandira kalekale pamudzi: wosamva, wopulupudza, wouma mutu. Chikwapu chamudutsa kangapo konse, koma kukacha zonse zimayambiranso.

Ena mwa ana otere ali ndi vuto limene madokotala amalitcha attention deficit hyperactivity disorder, mwachidule ADHD. Ena alibe vutoli ayi. Chikuwasautsa ndi khutu lotuluka mafinya, njala, mankhwala a khunyu, kapena mantha amene anawalowa nthawi ya namondwe. Ukawaona kunja ana onsewa ndi ofanana, koma thandizo lawo ndi losiyana. Tsatani ndondomeko ili m'munsiyi mmene yaikidwira, osalumpha kukagwera pa mankhwala.

Vuto lake lenileni

ADHD ilibe dzina limodzi m'Chichewa. Imaonekera m'njira zitatu: kulephera kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi, kujijirika kosalekeza, ndi phuma. Mwana wina amakhala nazo zonse zitatu, wina choyambacho chokha.

Gwero lake ndi kakulidwe ka ubongo. Mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi ndiyo imauza munthu kuti "dikira kaye", "maliza ichi", "kumbukira zija wauzidwa". Mwa ana a ADHD mbali imeneyi imakhwima mochedwa, ndipo timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo, makamaka dopamine ndi noradrenaline, sitigwira ntchito mokwanira. Zili ngati njinga yabwinobwino yotsika zitunda za ku Thyolo mabuleki atatha. Wokwerayo akudziwa kuti pakona paja ayenera kuchepetsa liwiro, koma chogwirira palibe. Mwanayo lamulo amalidziwa. Mutamufunsa atakhala pansi, akuuzani bwinobwino kuti msewu sawoloka osayang'ana. Chimamukanika ndi kulikumbukira lamulolo pa nthawi imene mpira wagubudukira mumsewu. Chikwapu chimalephera pomwepa, chifukwa chimaphunzitsa mwana chinthu chimene akuchidziwa kale.

Padziko lonse, ana pafupifupi 5 pa 100 alionse ali ndi ADHD. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 100, ngati zija za Sitandade 1 ndi 2 m'masukulu athu ambiri, mukhoza kukhala asanu. Si matenda obwera ndi mafoni: dokotala wa ana George Still anafotokoza kale za ana otere ku London mu 1902. Si ufiti, si shuga, ndipo si kuti makolo analephera kulera. Kwambiri ndi zakumtundu. Mukafufuza bwino, kawirikawiri mupeza bambo, mayi kapena malume amene anali chimodzimodzi ali mwana. Zina zimene zimawonjezera mpata wa vutoli ndi kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wosafika makilogalamu 2.5, mowa ndi fodya pa nthawi imene mayi ali woyembekezera, kuvulala m'mutu, ndi malungo a muubongo. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anatsata ana amene anachira malungo a muubongo ndipo anapeza kuti ena a iwo pambuyo pake anayamba khunyu, ena khalidwe lovuta kuliwongolera.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasocheretsa makolo. Choyamba, mwana yemweyo amene sakhala mphindi zisanu pa kope akhoza kukhala maola awiri akupanga galimoto ya mawaya kapena akuonera kanema. Makolo amati, "Mwaona, amachitira dala." Ayi. Chinthu chomusangalatsa chimamugwira chokha. Chimamuvuta ndi kudzigwira yekha pa chinthu chosakoma. Chachiwiri ndi atsikana. Anyamata ndi amene amapezeka ndi vutoli kwambiri chifukwa amasokosa. Mtsikana wa ADHD nthawi zambiri sasokosa. Amangokhala duu, maganizo ali kwina, ndiwo kupserera iye ali pomwepo pamoto. Ameneyu amatchedwa waulesi kapena wozizira mpaka kusiya sukulu, popanda womuganizira.

Choyamba: muoneni kwa masabata awiri, mukulemba

Pezani kope laling'ono. Tsiku lililonse lembani mizere itatu kapena inayi: chachitika n'chiyani, nthawi yanji, kuti, ndipo chinayambitsa n'chiyani. Lembaninso nthawi imene wagona, imene wadzuka, ndi ngati anadya asanapite kusukulu. Ngati mayi amalawirira kukathyola tiyi kuesiteti ndipo mwana amaswera ndi agogo, ndi agogowo amene afunsidwe madzulo, wina n'kulemba. Pemphani aphunzitsi ake achite chimodzimodzi mbali yawo.

Madokotala amatsata zizindikiro 18 zimene zili m'buku lawo la matenda a maganizo lotchedwa DSM-5 la mu 2013: 9 za kusakhazika maganizo, 9 za kujijirika ndi phuma. Za mbali yoyamba ndi monga kulakwitsa zinthu zosavuta chifukwa chosasamala, kuoneka ngati sakumva mukamuyankhula, kusiya ntchito panjira, kutaya zinthu, ndi kuiwalaiwala. Za mbali yachiwiri ndi monga kunyanyuka pamene ayenera kukhala pansi, kukwera paliponse, kuyankhula osapuma, kulephera kudikira pamzere, ndi kudula ena pakamwa. Kuti anene kuti ndi ADHD, mwana amafunika kukhala ndi zizindikiro 6 kapena kuposa za mbali imodzi, ndipo wa zaka 17 kupita m'mwamba zimakwana 5.

Kuwerenga zizindikiro kokha sikukwanira. Zikhale kuti zatha miyezi 6 kapena kuposa, zinayamba asanakwane zaka 12, zikuoneka malo awiri kapena kuposerapo, ndipo zikumuwonongera zinthu: akubwereza kalasi, anzake akumuthawa, akuvulala pafupipafupi. Mwana wovuta kusukulu kokha koma wodekha kunyumba ndi kutchalitchi, vuto lifunidwe kusukuluko.

Muyerekezeni ndi amsinkhu wake, osati a m'kalasi mwake. Kwathu kuno kalasi imodzi imakhala ndi mwana wa zaka 7 ndi wina wa zaka 11, ndipo wamng'onoyo amaoneka wosakhazikika chabe chifukwa wakhala pakati pa akuluakulu. Mwana wa zaka 2 kapena 3 amene sakhala pansi, ameneyo ndi mwana basi.

Chachiwiri: chotsani kaye zina zimene zimafanana nayo

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa zambiri mwa izi zimachizika msanga.

Makutu. Imani kumbuyo kwa mwana, kutalika ngati mkono umodzi, mumutseke khutu limodzi, munong'one mawu atatu, awabwereze. Sinthani khutu. Mwana amene wakhala akutuluka mafinya m'khutu akhoza kumamva theka lokha la zimene aphunzitsi akunena. Ameneyu ndi "wosamva" weniweni, ndipo mankhwala ake ndi a khutu. Maso nawonso: ngati amatsinzina poyang'ana pabolodi kapena amakopera kwa mnzake nthawi zonse, akayezedwe.

Khunyu. Pali mtundu wina wa khunyu wosagwetsa pansi. Mwana amangoima chiimire, maso ali gwa, kwa masekondi pafupifupi 10, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, ndipo zimabwera kambirimbiri pa tsiku. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: mugwireni paphewa. Wa ADHD amadzidzimuka n'kukuyang'anani. Wa khunyu sayankha mpaka zitamusiya.

Mankhwala a khunyu. Phenobarbitone, amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu, amadziwika kuti amachititsa ana ena kujijirika, kupsa mtima msanga ndi kusagona bwino. Ngati khalidweli linayamba mwana atayamba mapiritsi amenewa, kanene kuchipatala kuti aone ngati angamusinthire ena. Musamusiyitse nokha. Kusiya mwadzidzidzi kukhoza kudzutsa khunyu lalikulu losalekeza, loti likhoza kupha.

Njala ndi kuchepa kwa magazi. Mwana amene wapita kusukulu ndi m'mimba mopanda kanthu sangamvetsere pofika 10 koloko, makamaka miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Onani ngati amasintha masiku amene wadya phala. Yang'anani zikhatho ndi mkati mwa zikope: zikayera, akayezedwe magazi. Ngati amakodza magazi, kawirikawiri ndi likodzo, ndipo ana osambira m'mitsinje ndi m'madamu amalitenga mosavuta. Likodzo ndi njoka za m'mimba zonse zili ndi mankhwala kuchipatala.

Tulo. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12. Wamkulu akasowa tulo amafooka, koma mwana amachita kuwonjeza kujijirika. Tiyi amene timamulimayu ali ndi caffeine, choncho kapu ya tiyi wakuda bii madzulo imamulanda mwana tulo. Ngati amaliza mkonono kwambiri usiku uliwonse, kanenenso.

Mantha ndi chisoni. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nyumba ndi kukokolola anthu m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Blantyre. Mwana amene anali wodekha kale koma anasintha kuchokera pamenepo, amene amanjenjemera mvula ikayamba kuwomba pamalata, amene amalota zoopsa, vuto lake ndi lina. N'chimodzimodzi ndi amene wafedwa, kapena amene akuchitidwa nkhanza. ADHD siyamba tsiku limodzi. Ngati mukukayikira nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Palinso mwana amene amavuta nthawi ya kuwerenga yokha koma pa zina zonse ali bwino. Ameneyo mwina chikumuvuta ndi kuwerengako, ndipo akusokoneza kalasi pobisa manyazi.

Chachitatu: kuchipatala

Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanu, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi. Akamuyeza makutu, magazi ndi malungo, pemphani kalata yopita kwa oona za matenda a maganizo pachipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo. Amene ali pafupi ndi Mulanje Mission kapena Malamulo ku Makwasa akhoza kuyambira kumeneko. Zikafuna akatswiri, amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Mabanja ena amabwerera panjira akamva za Zomba, poopa kuti mwana atchedwa wamisala. ADHD si misala, ndipo mwana sagonekedwa chifukwa cha iyo.

Tengani kabuku ka kuchipatala, kuphatikizapo ka kusikelo ngati kalipo, kope lija munalemba, kalata ya aphunzitsi, makope ake awiri a kusukulu, ndi mankhwala alionse amene akumwa, a zitsamba omwe. Apite ndi munthu amene amaswera naye. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumaonetsa ADHD. Dokotala amadalira mbiri, ndiye mbiriyo ikhale yokwanira: mimba inayenda bwanji, anabadwa bwanji, anayenda ndi kuyankhula liti, anakomokapo ndi malungo kapena ayi. Ana ambiri a ADHD amakhala phee mphindi khumi zoyamba m'chipinda chachilendo. Izi zikachitika musachite manyazi ngati mwanama. Tulutsani kope.

Chachinayi: kunyumba

Thandizo lalikulu lili kuno, ndipo silifuna ndalama.

Potuma, musakuwe muli kukhitchini iye ali pabwalo. Pitani pafupi, mumutchule dzina, mumugwire paphewa, akuyang'aneni. Nenani chinthu chimodzi, mwachidule: "Tenga chigubu, ukatunge madzi." Kenako: "Ndati chiyani?" Abwereze ndi pakamwa pake. Mukamutuma zinayi pakamodzi, kumjigo, kugolosale, kwa azakhali ndi kukatsekera mbuzi, achita choyamba kapena chomaliza, zapakatizo zasowa. Nenani chochita, osati choleka. "Khala pamphasa" imamveka kuposa "usasokose".

Tsiku likhale ndi mzere wake wosasintha: kudzuka, kusamba, kudya, sukulu. Chikwama, makope ndi pensulo zikhale ndi msomali wake umodzi, ndipo zilongedzedwe madzulo, osati m'mawa. Pensulo imangidwe ndi kachingwe kukope. Ntchito ya kusukulu aichite kukadali kowala, pamalo opanda wailesi, mphindi 10 mpaka 15, kenako apume mphindi 5 akuthamanga kapena akusesa, abwererenso. Muzimupatsa ntchito zofuna mphamvu, monga kutunga madzi, kuthirira dimba ndi kusenza nkhuni zomuyenera. Mpira usakhale chinthu chomulanda akalakwa.

Kuyamikira kukhale kwa pompopompo, ndipo kutchule chimene wachita: "Wabwera nawo madzi osakhota, wachita bwino mwanangu." Mwana wotere amamva kudzudzulidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, choncho yesetsani kuti mawu oyamikira achuluke kuposa odzudzula.

Njira ya zitsekerero za mabotolo imathandiza ana a zaka 5 mpaka 11. Sankhani makhalidwe awiri okha, mwachitsanzo kubwera ndi makope onse ndi kumaliza chimene watumidwa. Akachita, ponyani chitsekerero m'kachitini iye akuona. Zikakwana 5 alandire kanthu tsiku lomwelo kapena mawa lake: nthochi, chitumbuwa, kupita nawo kumsika wa ku Chitakale kapena ku Bvumbwe. Njirayi imafa pa zifukwa zodziwika. Mphoto ikakhala kutali, monga nsapato za pa Khirisimasi, mwana wa ADHD saiona n'komwe. Mukayamba ndi makhalidwe khumi, alephera tsiku loyamba n'kutaya mtima. Mukamulanda zitsekerero zimene wapeza kale chifukwa walakwa zina, sakhulupiriranso. Dziwaninso kuti sabata yoyamba khalidwe limayamba laipiraipira, chifukwa akuyesa ngati mukunenadi zoona. Ambiri amasiyira pamenepa. Pitirizani masabata anayi musanaweruze.

Zing'onozing'ono monga kugwedeza miyendo ndi kung'ung'udza zisiyeni zipite. Akamenya mnzake kapena kuswa chinthu dala, akakhale pamalo amodzi osasangalatsa koma oonekera, monga pakona ya khonde, mphindi imodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake: wa zaka 7, mphindi 7. Zikatha, nkhani yatha. Osamutsekera mumdima, osamumanga chingwe, osamumana nsima.

Zonsezi zimagwa ngati akuluakulu sakugwirizana. Kuno mwana saleredwa ndi awiri okha. Khalani pansi ndi agogo, azakhali ndi amalume eni mbumba, muwafotokozere mwaulemu: "Amalume, kuchipatala atiuza kuti si mwano. Tiyese njira iyi mwezi umodzi, muone nokha." Mayi akamaponya zitsekerero, malume n'kumabwera ndi chikwapu Loweruka, palibe chimene chiphuke.

Ana a ADHD amavulala kawirikawiri kuposa anzawo. Msewu wa Limbe kupita ku Muloza ndi wa magalimoto othamanga ndi njinga zamoto za kabaza, choncho amene sanakhwime asawoloke yekha ngakhale amsinkhu wake akuwoloka. Mitsinje yotsika m'phiri, monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo, imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, kumunsi kuli dzuwa. Tameki, mankhwala a mbewu ndi parafini zikhale pokiya, ndipo zisathiridwe m'botolo la zakumwa.

Chachisanu: kusukulu

Pitani teremu ikangoyamba, musadikire kuitanidwa pa mlandu. Zopempha aphunzitsi ndi zazing'ono, zotheka ngakhale m'kalasi yodzaza. Akhale kutsogolo, kutali ndi khomo ndi windo, pafupi ndi mwana wodekha. Masamu 20 agawidwe asanuasanu, akamaliza akaonetse. Azitumidwa kufufuta bolodi ndi kugawa makope, kuti kunyanyuka kwake kukhale kololedwa. Agwirizane chizindikiro cha awiri, monga kugogoda padesiki, m'malo momutchula dzina pagulu. Nthawi yopuma asamusunge m'kalasi, ndipo chilango chotchetcha kapena kukumba dzenje anzake akuphunzira chimangomubweza m'mbuyo.

Kumapeto kwa kope jambulani mizere itatu: wakhala pamalo pake, wamaliza ntchito, wasunga zinthu zake. Aphunzitsi azichonga poweruka, inu muzisintha zochongazo kukhala zitsekerero kunyumba. Funsani aphunzitsi aakulu kapena a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale, ngati m'zoni yanu muli mphunzitsi wa ana ofuna thandizo lapadera, monga amene amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Kalata ya kuchipatala ikafike kusukulu mwana asanafike Sitandade 8.

Chachisanu ndi chimodzi: mankhwala

Si mwana aliyense wa ADHD amene amafuna mankhwala. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati ziyambe njira za kunyumba ndi kusukulu, ndipo mankhwala aganiziridwe kwa mwana wa zaka 6 kupita m'mwamba, ndi katswiri, ngati njirazo sizinakwanire. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin. Ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, osapezeka pachipatala chaching'ono kapena m'golosale. Amathandiza ana pafupifupi 7 pa 10 alionse. Sachiza. Amagwira ntchito pa maola amene ali m'thupi: mapiritsi wamba maola 3 mpaka 4, ochedwa kusungunuka maola 8 mpaka 12.

Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa, kawirikawiri mamiligalamu 5 kamodzi kapena kawiri pa tsiku, n'kumakweza pang'onopang'ono. Asanayambe, muuzeni ngati mwana ali ndi vuto la mtima, anakomokapo akuthamanga, ali ndi khunyu, kapena ngati kumtundu wina anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono. Zovuta zofala ndi kusafuna kudya, kusowa tulo, mutu ndi m'mimba. Choncho amwe atadya kale m'mawa, chakudya chachikulu chikhale cha madzulo mphamvu ya mankhwala itatha, ndipo asamwe dzuwa litapendeka. Aziyezedwa kulemera, kutalika, kugunda kwa mtima ndi BP, zonse zilembedwe m'kabuku. Akayamba kuonda, kukhala ndwii ngati si iye, kapena kumva kupweteka pachifuwa, bwererani msanga. Mapiritsi asunge wamkulu, ndipo asagawiridwe mwana wa mnansi ngakhale akuoneka wofanana.

Piriton, diazepam, mapiritsi a khunyu a munthu wina kapena kadontho ka kachasu "kuti agone" si mankhwala a ADHD. Zimangomuledzeretsa mwana, ndipo zina zikhoza kumuimitsa kupuma.

Akamakula

Kuthamangathamanga kumachepa akafika kusekondale, koma kuiwala ndi phuma zimatsalira mwa ambiri, ndipo akuluakulu 2 kapena 3 pa 100 alionse ali nalobe vutoli. Zoopsa zimasintha: kusiya sukulu, mowa, chamba, mimba zosayembekezera, ngozi za njinga yamoto. Pofika zaka 12 kapena 13 muuzeni dzina la vuto lake momveka, ndipo ntchito zija munkamuchitira ayambe kuzigwira yekha imodziimodzi: kulongedza chikwama, kulemba zochita za mawa, kutchera alamu ya foni. Musamusiyire zonse mwezi umodzi. Akagwira imodzi masabata anayi osakumbutsidwa, muwonjezereni ina, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala lilembedwe pachikuto cha kabuku kake kuti aziliona yekha.